Zaka Khumi Ndikutunga Pamwala Wolakwika

Tamandani ndi Lesego, ana anga, mwandikakamiza kwa nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yanga, ndipo tsopano poti ndinapuma, chowiringula chandithera. Muli ana munkauza anzanu kusukulu kuti bambo anu amagwira ntchito ya madzi. Simunkanama, munkangosiyako mbali ina. Madzi anga anali aja amene munthu akakoka tcheni m'chimbudzi safunanso kuwaganizira. Ine ndinawaganizira moyo wanga wonse wa ntchito, ndipo Ambuye anandidyetsa nawo, nakuphunzitsani nawo sukulu. Za ku Blantyre, kumene ndinayambira, mukuzidziwa kale. Apa ndilemba za kuno ku Gaborone, makamaka chinthu chimodzi chimene sindinakuuzenipo.

Chaka choyamba

Ndinafika mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi mpaka m'mano. Kontirakiti yoyamba inatha mu Disembala wa chaka chachiwiri, ndipo zotsatira zake zinali za zaka zitatu zitatu. Mumvetse bwino chinthu ichi, chifukwa nkhani yonse yatsamira pamenepa: mlendo amakhala m'dziko muno ndi pemiti, ndipo pemiti imayenda ndi kontirakiti. Zaka zitatu zikamatha, bwana wa pamalo amalemba kalata yonena kuti munthuyu tikumufunabe. Akapanda kulemba, palibe mlandu, palibe kukangana, umangolongedza katundu n'kukakwera basi.

Malo athu anali kunja kwa mzinda, kumene fungo limavutitsa ng'ombe m'malo mwa anthu. Madzi a suweji ankafika ndi paipi yaikulu n'kuyamba adutsa pa zitsulo zonga chipeso, zimene zinkakola nsanza, mapulasitiki ndi zina zimene anthu amataya poganiza kuti palibe adzaone. Ife tinkaona. Masipuni, makiyi, ndipo tsiku lina mano oikirira athunthu, akumwamba ndi akunsi omwe, amene anakhala pawindo la ofesi mwezi wonse kudikira mwini wake. Kuchoka apo madzi ankalowa m'mathanki momwe matope amadikha pansi, kenako m'mathanki ena opopera mpweya, momwe tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zonyansa osapuma. Ine tizilomboti tinkandilalikira. Iye amene anayala nyenyezi anakumbukiranso kulenga kanthu kodya zimene ife timanyansidwa nazo. Pomaliza madzi ankagona masiku angapo m'madamu anayi, dzuwa likuwawotcha, n'kutuluka ndi ngalande ya simenti kupita kumtsinje. Kumunsi kwake alimi ankathirira nawo masamba ndi udzu wa ziweto.

Amene anandilandira anali RraTumelo, bambo wamtali woonda, amene anagwira pamalopo kuyambira madamu akukumbidwa. Kuno munthu wamkulu amamuitana ndi dzina la mwana wake, moti dzina lake lenileni ndinalidziwa patapita zaka ziwiri, nditaliona pa fomu ya tchuthi. Ine ananditcha RraTamandani tsiku lomwelo, ngakhale iwe Tamandani unali ukadali ku Ndirande ndi amayi ako, ukuphunzira kuyenda.

Ntchito yaikulu imene anandilembera inali ya sampulo. Lamulo limati madzi amene tikutulutsa ayesedwe, kuti tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba tisapitirire mlingo woikidwa. Choncho Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndinkatunga madzi m'mabotolo owiritsidwa, kuwaika m'bokosi la ayezi, kusaina fomu, n'kuwapereka ku labu. Zotsatira zikabwera bwana ankasainanso, ndipo mwezi ukatha zinkapita kwa oyendera a boma.

Lachiwiri loyamba RraTumelo ananditenga kukandionetsa potungira. Tinatsata ngalande mpaka pa kamlatho kachitsulo. Pansi pake, m'mbali mwa ngalande, panali mwala waukulu wosalala, wofisidwa ndi mapazi. Anati phazi lamanzere pamwala, dzanja lamanja ligwire chitsulo cha mlatho, botolo liyang'ane kumene madzi akuchokera. Ine ndinali nditawerenga buku la malamulo a pamalopo dzulo lake, ndipo linati sampulo itengedwe pa khoma pamene madzi amasefukira kuchoka m'damu lachinayi. Khomalo linali kumtunda, mapazi ngati makumi anayi. Ndinafunsa.

"Madzi ndi omwewo, Rra," anatero. "Kodi akayenda mapazi makumi anayi amabatizidwa panjira?"

Ndinaseka, iyenso anaseka, ndipo ndinaponda pamwala. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ine kalumo kanga ndinakabwezera m'thumba. Ndinali ndi sabata imodzi m'dziko la eni, ndipo sindinafune kuyamba ndi kuphunzitsa munthu amene anaona madamuwo akukumbidwa.

Ndinali ndi chizolowezi chovula chipewa n'kupemphera pang'ono ndisanamize botolo. Ndinkapempherera ana amene adzadye masamba a kumunsi. Anzanga ataona zimenezi anayamba kunditcha Moruti, kutanthauza mbusa, ndipo dzinalo linameza lija la RraTamandani.

Chaka chachiwiri mpaka chakhumi

Amayi anu anabwera chaka chachiwiri. Tinayamba ndi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina ku Block 8, ndipo iwe Lesego utabadwa tinapeza nyumba ino ya ku Block 9. Lamulo la amayi anu linali limodzi: ovolosi ndi magambutsi zisadutse pageti. Kuntchito kunali mabafa, ndiye ndinkasamba ndisanaweruke n'kufika kunyumba ngati kalaliki wa kubanki. Kutchalitchi kwathu, kumene tinkasonkhana m'kalasi ya sukulu ndi Amalawi anzathu, manesi, alonda, matelala ndi aphunzitsi, ena poyamba ankandipatsa moni ndi nsonga za zala. Patapita nthawi anazolowera, mpaka anandisankha kukhala wonyema mkate pa chiyanjano cha kumapeto kwa chaka.

Mabwana ndinaona atatu. Woyamba ankakonda penti. Alendo akamabwera, miyala yonse ya m'mbali mwa msewu inkayera, ngakhale pampu itafa. Wachiwiri ankaopa fungo, moti ankayendera malo onse ali m'galimoto, windo litatsitsidwa zala ziwiri, n'kumalankhula nafe kudzera pamenepo. M'nthawi yake magolovesi anatha miyezi ingapo, ndipo tinkavala mapepala a buledi kumanja, omanga ndi mphira pamkono. Pampu ina inadikira chitsulo chochokera kunja kuyambira nyengo yozizira mpaka mvula, ife tikukokolola nsanza ndi mareki. Sitinkadandaula kwambiri. Tinkaseka. Pamatope ouma pankamera matimati okongola kuposa a kusitolo, chifukwa njere ya tomato imadutsa m'mimba mwa munthu ndi m'mathanki onse osafa. Palibe amene ankavomera kuti amathyola, koma matimatiwo sankafika powola.

Zaka zonsezi sampulo zanga zinkapambana. Pena mathanki ankavuta, pena magetsi ankathima, koma botolo la pamwala linkabwera loyera. Ndikapita ku tchuthi, wondigwirira ankatunga pamwala womwewo, chifukwa tonse anatiphunzitsa ndi RraTumelo. Oyendera akabwera kudzatunga okha, wowatsogolera ndinali ine, ndipo ankamiza botolo pamene ndawalozera. Anzanga ankati pemphero la Moruti limapha tizilombo kuposa dzuwa. Ine ndinkawakaniza ndi pakamwa, koma mumtima ndinkamva kukoma. Kangapo konse ndinaimirira kutchalitchi kupereka umboni woti madzi anga sanalepherepo mayeso, ndipo anthu ankati ameni. Kontirakiti inkabwera yokha zaka zitatu zilizonse, ngati mvula ya kwathu ku Mulanje.

Chaka chachisanu ndi chitatu RraTumelo anapuma n'kupita kukaweta mbuzi kwawo ku Modipane. Chaka chomwecho kunabwera bwana wachitatu, Mma Pule, mayi wamfupi, injiniya, wochepera ine ndi zaka khumi. Tsiku loyamba anafika ndi magambutsi akeake m'galimoto. Anatenga mtengo wautali n'kuzungulira madamu onse, akuyeza kuya kwa matope. Anapeza kuti damu lachinayi ladzaza matope kufika pakati, moti madzi sakugonamo masiku okwanira. Analembera ku likulu kupempha makina okumbira. Anamuyankha kuti zotsatira za malo ake ndi zabwino, makinawo apite kaye kumene kuli vuto. Analembanso chaka chotsatira, yankho lomwelo.

Tsiku lina akusaina fomu yanga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "A Moruti, mapepala anu ndi okongola kuposa damu langa. Pa awiriwa pali amene akunama." Ndinayankha kuti Ambuye amatha kuchita zazikulu ndi damu la theka. Anati iye amapempheranso, koma mtengo wake sunama. Anasaina.

Chaka cha chilala, chakhumi ndi chimodzi

Mukukumbukira chaka chija damu la mzinda linatsika mpaka miyala ya pansi kuonekera. Madzi a m'mipopi anayamba kutsekedwa mosinthana, dera ili lero, dera lina mawa. Ndandanda yake inkatuluka m'nyuzipepala, ndipo amayi anu anaidula n'kuimata pa furiji. M'matchalitchi monse munali kupempherera pula, ndiye mvula m'Chitswana. Inu awiri munkasangalala chifukwa masiku ena kusamba kunali kwa kapu imodzi.

Mu Seputembala sampulo yanga inalephera koyamba. Inali ya Lachiwiri. Ya Lachisanu inapambana. Lachiwiri lotsatira inalepheranso, ndipo osati pang'ono. Ndinapita ku labu ndi ukali umene ndikuchita nawo manyazi mpaka lero. Ndinauza amayi a kumeneko kuti akusokoneza mabotolo, kuti sakuwiritsa bwino, kuti zaka khumi sizinganame chifukwa cha masabata awiri. Iwo anandiyankha mofatsa kuti amayesa chimene ndawabweretsera. Ndinasintha bokosi la ayezi. Ndinasala kudya Lolemba lonse. Lachiwiri linalepherabe, Lachisanu n'kupambana. Kontirakiti yanga inkatha mu Disembala, ndipo kalata ya Mma Pule inkayenera kulembedwa mu Novembala. Iwe Tamandani unali mu Sitandade 7, ukukonzekera mayeso omaliza pulayimale ya kuno. Iwe Lesego Chichewa unkangomva, kuyankha unkayankha m'Chitswana, ndipo Malawi unkamudziwa ngati malo okadya mango pa Khirisimasi.

Loweruka lina m'mawa ndinakhala pakhonde ndi mafomu anga, ndikuwatembenuza ngati adzasintha. Amayi anu ankachapa pafupi, poti linali tsiku lathu la madzi. Ndinadandaula mokweza kuti sindikumvetsa chimene Lachiwiri ndinalilakwira.

"Ine Lachiwiri ndimalidziwa bwino," anatero osadzutsa mutu. "Ndi tsiku limene mumabwera osasamba."

Ndinati ndikunena za ntchito, osati za kusamba. Anati iwonso akunena za ntchito. Kodi Lachiwiri si tsiku limene kuntchito kwanu mipopi imakhala youma? Kodi si tsiku limene mumanyamula chigubu cha madzi akumwa, n'kubwerako ine ndikukuuzani kuti muyambire kuseri? Anapukuta manja n'kulowa m'nyumba, n'kubwera ndi pepala la pa furiji lija. Dera la kuntchito kwathu linali pamzere wa Lachiwiri.

Ndinawauza kuti madzi a m'mipopi sakhudzana ndi madzi a m'ngalande. Anati iwo za ngalande sazidziwa, amadziwa fungo basi, n'kubwerera ku zochapa zawo.

Lachisanu lotsatira ndinapita pamwala msanga. Sindinapemphere. Ndinagwada n'kulowetsa dzanja m'madzi, pansi pa udzu umene unamera m'mbali mwa simenti. Madzi a m'ngalande anali ofunda, obiriwirira. Koma pafupi ndi mwala, chala changa chinapeza mng'alu m'simenti, ndipo pamenepo pankatuluka madzi ozizira, amphamvu ngati kasupe. Ndinatapa pang'ono n'kununkhiza. Klorini. Paipi yopita ku mabafa athu inkadutsa pansi pa kamlatho, ndipo inkadontha m'nthaka, mwina kuyambira ine ndisanabwere. Madzi akumwa ankalowa m'ngalande pamalo enieni amene ndinkamiza botolo. Zaka khumi ndinkapereka ku labu madzi osakanizika ndi a pampopi, mankhwala ake akupha tizilombo totsalato botolo lili m'bokosi.

Ndinatunga mabotolo awiri, limodzi pamwala, lina pa khoma lija la m'buku. La pamwala linapambana. La pakhoma linalephera. Lachiwiri ndinagwiranso mng'alu uja, ndipo unali wouma.

Ana anga, musaganize kuti ndinathamangira kwa bwana. Ndinakhala ndi nkhaniyo sabata yathunthu, ndipo mdyerekezi sanabwere ndi nyanga. Anabwera ndi nzeru. Anati uza anthu a mapaipi kuti pamlatho pakudontha, akonze, zotsatira ziipe zokha, aliyense adzati ndi chilala. Linali ganizo labwino, chifukwa paipi ikanakonzedwa, damu likanakumbidwa, ndipo palibe akanafunsa za zaka khumi. Ndinkalitembenuza m'basi popita ndi pobwera. Koma nthawi zonse ndikatsegula Malemba m'mawa, ndinkangogwera pa mawu a miyeso ndi masikelo, ndi a zinthu zobisika zimene zidzaululidwe. Ndinayesa kutsegula malo ena. Ananditsatira komweko.

Okutobala, ku Modipane

Ndinaona kuti ndisanalembe chilichonse ndikaonane ndi RraTumelo, chifukwa dzina lake silikanalephera kutuluka. Ndinamupeza pansi pa mtengo, akukonza waya wa khola la mbuzi. Anakondwa kwambiri. Dumela, Moruti, kodi mano aja mwini wake anabwera? Mkazi wake anatipatsa tiyi, ndipo nditamwa ndinamufunsa chifukwa chenicheni chimene anasiyira kutunga pa khoma.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati kalekale, sabata ya ukwati wa mlongo wake, mavu anamanga chisa pansi pa makwerero a pakhomapo. Anamuluma kumaso, moti pa zithunzi zonse za ukwati iye ali ndi diso limodzi. Kuyambira pamenepo anatsikira pamwala, n'kunena kuti adzabwerera mavu akachoka. Mavu anachoka nyengo yomweyo. Iye ndi amene sanabwerere, chifukwa pamwala panali mthunzi wa mlatho ndi pogwira pabwino.

Nditamuuza za paipi, kuseka kunatha. Kenako anafunsa za alimi a kumunsi, ngati panamveka wodwala. Ndinati sindinamvepo, koma kusamva kwanga si umboni.

"Lemba dzina langa," anatero. "Ine ndine nkhalamba ya kwathu konkuno, palibe angandikweze basi. Mbuzi sizifunsa ziphaso. Iwe unene kuti unapeza anthu akutunga pamwala, sunkadziwa kanthu."

Ndinamukumbutsa kuti tsiku loyamba ndinamufunsa za khoma, ndipo anandiyankha za ubatizo. Anati sakukumbukira. Ndinamuyang'ana, ndipo ndinaona kuti sakunama, anaiwaladi. Ndiye kuti padziko lonse panali ine ndekha wodziwa kuti ndinawerenga bukulo, ndinaona cholakwika, n'kuseka. Anandiperekeza mpaka pamsewu akundiuzabe kuti ndiganizire ana. Ndinati ke a leboga, Rra, ndipo ndinathokozadi, chifukwa si anthu ambiri amene angakupatse dzina lawo kuti ubisalemo.

Kunyumba ndinauza amayi anu zonse, ndi za mphatso ya RraTumelo yomwe. Anafunsa ngati ndingathe kudzaimanso kutsogolo kwa mpingo nditalemba kuti sindinkadziwa. Ndinati kuima ndingathe, koma sindikudziwa chimene ndingalankhule. Anati ndiye mukundifunsiranji. Tinagwada pomwepo pabalaza, inu muli panja mukusewera, ndipo pemphero lawo linali lalifupi kuposa langa. Anati Ambuye, munatitulutsa ku Ndirande ndinu, njira yobwerera mukuidziwanso ndinu.

Lolemba, ndi masabata otsatira

Kalata yanga inali ya tsamba limodzi. Ndinalemba za mwala, za paipi, za mabotolo awiri, ndi kuti buku la malamulo ndinaliwerenga sabata yoyamba. Mma Pule anaiwerenga ataimirira. Anavula nsapato, kuvala magambutsi, n'kundiuza kuti tiyeni. Linali tsiku la madzi. Anagwada pamwala, diresi lake lili m'matope, n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono.

"Munkadziwa kuti potungira ndi pa khoma?" anafunsa, ngakhale anali atawerenga.

"Ndinkadziwa, Mma. Za paipi zokha ndi zimene sindinkadziwa."

Anadzuka n'kukutumula dzanja. Anati iye anazungulira madamu anayi ndi mtengo, koma sanaganizepo zotsatira munthu wa botolo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mafomu onsewo ali ndi dzina lake pansi pa langa. Anati sandithokoza ayi, chifukwa ndamupatsa mwezi woipa. Masana omwewo anaimbira oyendera.

Oyendera anabwera atatu, ndipo mmodzi mwa iwo anali atatungapo pamwalawo kangapo, ine ndikumugwirira chikwama. Ameneyo ankangopewa maso anga. Atatuwo analamula kuti alimi a masamba asiye kupopa madzi athu kufikira zotsatira zitakhala bwino. M'chaka cha chilala, mawu amenewo anali olemera. Mayi wina wolima sipinachi anabwera pageti kufuna kuona munthu amene watseketsa madzi. Alonda anafuna kumubweza, koma ndinatuluka. Anandilankhula m'Chitswana chothamanga, chimene theka lake ndinamva, ndipo thekalo linandikwanira. Anati masamba ake akupsa, ndipo zaka zonsezi palibe amene anafa. Ndinavula chipewa n'kumvetsera mpaka anamaliza. Dimba lake linaumadi nyengo imeneyo. Ichi musachichotse mukamadzafotokozera ana anu, chifukwa choonadi changa chochedwa anachilipira ndi munthu wina.

Ku labu ndinapita ndi mandasi a amayi anu kukapepesa. Amayi aja analandira, n'kunena kuti akayesa kaye mandasiwo asanadye. Kutchalitchi ndinapempha mphindi zitatu, n'kubweza umboni wanga. Ndinati Ambuye anandichitiradi zazikulu, koma ntchito ija ya madzi sinali ya Ambuye, inali ya paipi yodontha. Anthu anasowa ngati anene ameni kapena ayi. Mlonda wina wachikulire wa ku Ntcheu, amene ankakhala kumbuyo, anaseka yekha mokweza, kenako mpingo wonse unamutsatira, ine ndemwe.

Anandiitana ku likulu kukayankha mafunso pamaso pa anthu anayi. Anafunsa chifukwa chake ndinalemba za buku pamene palibe amene akanadziwa. Ndinati alipo amene ankadziwa. Wapampando anandiyang'ana, n'kulemba kanthu, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati analemba kuti ndine wokhulupirika kapena wopusa. Novembala anatha. Kalata ya kontirakiti sinabwere, ndipo ine sindinafunse. Lachiwiri ndi Lachisanu ndinkakwera makwerero a pakhoma, kuvula chipewa, n'kutunga madzi amene ndinkadziwa kuti akalephera.

Disembala

Kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti pemiti ithe, Mma Pule anandiitana mu ofesi n'kundipatsa envulopu. Munali makalata awiri. Yoyamba inali chenjezo lomaliza, lolembedwa m'mawu ouma, loti ndinalephera kutsata malamulo otengera sampulo. Yachiwiri inali kontirakiti, ya chaka chimodzi.

"Ndinapempha zitatu, andipatsa chimodzi," anatero. "Makina okumbira damu akubwera mu Januwale. Pa nthawi yonseyo ndikufuna sampulo tsiku lililonse, ndipo ndizibwera nanu."

Ndinafuna kulankhula za chisomo, koma anakweza dzanja n'kunena kuti ulaliki ndikausungire Lamulungu, panopa ndisaine.

Ndinatsika basi ku Block 9 ndikuyenda ngati mnyamata. Nditalowa m'nyumba ndinapeza amayi anu ali kuchipinda, atagwada pakati pa makatoni asanu ndi limodzi omanga ndi chingwe. Anali akulongedza mwakachetechete kuyambira mu Okutobala, katoni imodzi pa sabata, n'kumabisa pansi pa bedi ndi kuseri kwa wadiropu. Inu anakuuzani kuti akuthawitsa zinthu mphemvu. Ine sindinaone kanthu, ngakhale kwa mwezi wathunthu ndinkamwera tiyi m'kapu yapulasitiki.

Ndinawapatsa makalata onse awiri. Anayamba ndi chenjezo, analiwerenga lonse, n'kugwedeza mutu kuti alemba zoona. Kenako anawerenga kontirakiti, chala chili pamzere wa nthawi. Anatseka maso pang'ono, milomo ikuyenda. Ndinati masulani katundu, mayi, Ambuye atiyankha.

"Atiyankha chaka chimodzi," anatero. "Ndimasula mbale, mapoto ndi mabuku a ana. Awiriwa akhale."

Kuyambira pamenepo kontirakiti yanga inkabwera ya chaka chimodzi chimodzi mpaka ndinapuma, ndipo sindinadyeponso Khirisimasi mosathokoza. Makatoni awiri amene ali pamwamba pa wadiropu, amene mwakhala mukuwaona kuyambira muli ana, ndi omwewo. Chaka chilichonse envulopu ikabwera ndinkafunsa amayi anu ngati tiwatsitse tsopano, ndipo ankayankha kuti tione kaye chaka chamawa.